Khomo Limene Ndinatseka

Ndine kholo la ana asanu, ndipo lero ndibvomera poyera kuti ndinalakwa. Mwana wanga wamkazi atasankhidwa kusukulu kuti azicaya mpira wa basketball, uja woponya m'mkombero, ndinam'kaniza. Ndinati namwali sayenera kulumphalumpha pamaso pa anthu, malo ace ndi pamtondo. Analira, koma sanandiyankhe.

Mtima wanga unatembenuka m'caka ca 2024, pamene ndinamva pa wailesi mbiri ya timu ya akazi ya dziko la Nigeria, yochedwa D'Tigress. Pa masewera a Olympic mumzinda wa Paris inagonjetsa Australia ndi Canada, nikhala timu yoyamba ya mu Africa, ya amuna kapena ya akazi, kulowa m'gulu la matimu 8 otsiriza. Mphunzitsi wao, Rena Wakama, nayenso ndi mkazi. Cikho ca Africa anacitenga mu 2003 ndi 2005, ndiponso kasanu motsatizana kuyambira 2017 kufikira 2025.

Koma cimene cinandilasa ndi ici: mu 2022, cifukwa ca mikangano ya atsogoleri a mpirawo, boma lao linacotsa matimu ace m'mipikisano ya kunja. Malo a atsikanawo pa Cikho ca Dziko Lonse ku Sydney anapatsidwa kwa Mali. Sanagonje pabwalo ai; akuluakulu ndiwo anawatsekera khomo, monga ndinacitira ine.

Mwana wanga uja tsopano ali pabanja. Caka catha nditagulitsa nsawa, ndinagulira mdzukulu wanga wamkazi nsapato zamasewera. Makolo anzanga, m'mera mpoyamba.