Chidole cha mwana, sikuludiraiva ya katswiri

Anzanga, kunja kuno anthu ena nthawi ali nayo. Pa YouTube pali akatswiri a makompyuta amene amagula Happy Meal, chakudya cha ana cha ku McDonald's, pongofuna kachidole kam'katimo. Amakamasula ndi sikuludiraiva, kuyeza batire pa mita, kenako kupereka malikisi nkhope ili gwa, ngati akuunika kompyuta ya mamiliyoni. Mu 2023 ku China kunatuluka kagemu ka Tetris kooneka ngati nthuli ya nkhuku yokazinga, nako anthu anakatsegula mimba.

Ine ndimaseka mpaka bandulo kutha, koma ngati makaniko wa maboti ndimawapatsa ulemu. Mu 2016 kampani yomweyi inabweza timawotchi towerenga masitepe pafupifupi 29 miliyoni ku America, ana ena atatuluka matuza pamkono. Chaulere nacho chimafuna kuchiyang'ana kawiri.

Nanga ife kunyanja kuno? Pulagi timagula pongoona katoni yowala. Impela yotchipa timangoiveka, osaipinda n'komwe kuti tione ngati labala wake wayamba kung'aluka. Chidole chikafa, mwana amalira pang'ono n'kuiwala. Injini ikazima usiku pakati pa nyanja, mwera ukubwera, amalira ndi mudzi wonse.

Ndiye musanalowe m'madzi madzulo ano, tsegulani injiniyo. Onani pulagi, onani ngati mafuta alibe madzi, ilizeni muone ngati kamadzi koziziritsa kakutuluka kumbuyo. Mphindi khumi basi, usipa suthawa. Tumiziraninso alovi anzanu.