Chovala cha Khoma

Nyumba ili ngati munthu: imafuna kusamba, imafunanso kuvala. Aliyense amene adayendapo m'midzi ya m'boma la Mulanje, kuchokera pa Chitakale kukafika ku Limbuli ndi ku Muloza, adaona kuti palibe banja limene limakondwa kukhala pakati pa makoma osasamalika. Ena amazira ndi dothi lakuda nakongoletsa m'munsi mwa khoma ndi katondo. Ena amapaka laimu. Opezako bwino amagula penti, ndipo masiku ano ena ayamba kugula mapepala amaluwamaluwa omata pakhoma, amene m'masitolo amawatcha wallpaper. Njira zonsezi n'zabwino. Komabe pali mfundo imodzi imene ndidaiphunzira ndili wamng'ono, ndipo mpaka lero sindidapeze ina yoiposa: pepala ndi chovala chabe, ndipo chovala sichichiza thupi lodwala.

Kuti mfundoyi imveke bwino, tiyambe takumbukira kuti Mulanje ndi dera lotani. Phiri lathu, limene nsonga yake ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, limaimitsa mitambo, kotero kuti kuno kumagwa mvula yambiri kuposa madera ochuluka a dziko lino. Ngakhale dzinja litatha, pakati pa Meyi ndi Ogasiti kumabwera chiperoni, nkhungu ndi mvula yamawawa imene idatenga dzina lake ku phiri la Chiperone la ku Mozambique. Chinyezi chimenechi ndicho chidachititsa kuti tiyi, amene Henry Brown adamudzala pa Lauderdale m'chaka cha 1891, ayanjane ndi nthaka ya kuno. Koma chimene chimakondweretsa tiyi chimasautsa khoma. Paja akuluakulu adati walira mvula walira matope.

Ine ndidakulira pa imodzi mwa minda ya tiyi imeneyi. Bambo ankagwira ntchito yothyola tiyi, ndipo tinkakhala m'nyumba ya zipinda ziwiri pamzere wa nyumba za antchito. Popeza nyumbayo sidali yathu, ndiponso malipiro adali ochepa, za penti sitinkaziganizira n'komwe. Utsi wa koloboyi unkadetsa makoma chaka chonse. Mayi, pokhala munthu wodana ndi uve, ankawaveka makomawo nyuzipepala zakale, monga momwe ankachitira amayi ena ambiri pamzerepo.

Kupeza mapepalawo idali ntchito ya chaka chathunthu. Boma Lathu inkagawidwa ulere, motero sinkavuta kwenikweni. Malawi News ndi Daily Times tinkakapempha kwa akalaliki ndi kwa aphunzitsi iwo akatha kuwerenga. Odini ndi Moni zinkachokera kwa anzathu a kutchalitchi, ndipo makalendala a chaka chatha ankasungidwa ngati chuma kaamba ka zithunzi zake zamitundumitundu. Ofuna mapepalawo adali ambiri. Ogulitsa usipa ankafuna okulungira, ndipo malume ankafuna opichirira fodya wawo. N'chifukwa chake mayi ankabisa mtolo wawo pansi pa mphasa.

Ngakhale cholinga chidali choti nyumba iwale pa Khirisimasi, mayi sankadikira Disembala. Ntchito inkagwiridwa mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, makoma atauma gwa. Tsiku loyamba silidali lomata ayi, koma lomatula. Mapepala onse a chaka chatha ankachotsedwa n'kukatenthedwa kudzala. Kenaka mayi ankathira madzi otentha m'ming'alu kuti nsikidzi ndi mazira ake zife, namata ming'aluyo ndi dothi, n'kusiya zitseko ndi mazenera zili pululu kwa masiku angapo. Kwa ife ana, masiku amenewa adali otopetsa, chifukwa nyumba inkaoneka ngati nkhuku yosodzola.

Tsiku lina ndidafunsa kuti, "Mayi, bwanji osangomata atsopanowa pamwamba pa akalewa? Si bwenzi titamaliza lero lomwe?"

Iwo adandiyang'ana nati, "Iwe mwana, kodi malaya ochapa umavala usanasambe?"

Khoma likauma, mayi ankaphika phala lamadzimadzi la ufa wa chinangwa, n'kulisiya kuti lizizire. Ankalipaka mopyapyala ndi kansanza, poti phala likachuluka limasanduka chakudya cha mphemvu ndi makoswe. Ankayambira pangodya, kuchokera pamwamba kutsika pansi, pepala lililonse likukwera pa linzake pang'ono ngati kukula kwa chala. Akalikhazika ankalisalaza ndi chikhatho kuchokera pakati kupita m'mphepete kuti mpweya utuluke. M'munsi mwa khoma ankasiyamo mpata osamata, chifukwa m'menemo ndimo mumayambira chinyezi chokwera kuchokera m'nthaka, ndipo iwo ankafuna kuti chikayamba achione msanga.

Kusankha masamba idalinso nkhani yaikulu. Si tsamba lililonse limene linkaloledwa kukwera pakhoma. Masamba a mauthenga a maliro ankaikidwa padera, poti munthu sangadye nsima akuyang'anizana ndi nkhope za omwalira. Masamba okhala ndi chithunzi cha Ngwazi Dr H. Kamuzu Banda ankapindidwa bwinobwino n'kusungidwa m'sutikesi. M'masiku a chipani chimodzi, chithunzi chotere chikang'ambika kapena kuda ndi utsi, mlendo wa mtima woipa akadatha kutula nkhaniyo kumene sikudayenera, banja n'kuona zakuda. M'chaka cha 1993 nyuzipepala zidachuluka ngati bowa, ndipo The Nation idayamba kutuluka chaka chomwecho. Anthu adali atangovota pa riferendamu ya pa 14 Juni, ndipo masamba ambiri adali ndi nyali, chizindikiro cha zipani zambiri, kapena tambala wakuda, chizindikiro cha chipani chimodzi. Mayi adali ndi maganizo awo pankhaniyi, koma pabalaza sadamatepo nyali ngakhale tambala. Iwo adati, "Pabalaza ndi pa alendo onse."

Lamulo lina lidali loti malemba aime chilili, asazondoke. Mayi sadapite patali ndi sukulu, koma ankadziwa kuti chimene chili pakhoma mwana amachiona m'mawa, masana ndi usiku. Madzulo, koloboyi akuyaka, ine ndi mlongo wanga tinkapikisana kupeza mawu aatali. Agogo akabwera kudzacheza ankatiuza kuti, "Tandiwerengereni apo pali chithunzi cha chimanga, adzukulu anga." Tinkawawerengera malangizo a ulimi omwewo kambirimbiri mpaka tidawaloweza pamtima. Ndikanena zoona, buku langa loyamba lidali khoma la pabalaza.

Kufunika kwa masiku omatula aja ndidakuona bwino kumudzi, m'gowelo la msuweni wanga wina. Mnyamatayu adali wokonda mpira, ndipo makoma ake adadzaza ndi zithunzi za osewera a Bata Bullets ndi Limbe Leaf Wanderers. Akapeza chithunzi chatsopano ankangochimata pamwamba pa chakale, kaya ndi m'dzinja kaya ndi m'nyengo ya chiperoni. Anyamata tonse tinkasirira gowelo limenelo. Patapita zaka ziwiri mapepala adayamba kutukumuka, ndipo m'nyumbamo munkamveka fungo la chuku. Tsiku limene malume adalamula kuti zonse zimatulidwe, kuseri kudapezeka nsikidzi zosawerengeka, ndipo chiswe chidali chitamanga misewu yake kuchokera pansi kukafika ku mitengo ya denga. Malume adangopukusa mutu nati, "Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere."

Wina angaganize kuti mavuto otere ndi a anthu osauka okha amene amamata nyuzipepala ndi phala la chinangwa. Mbiri ya mapepala ogula m'sitolo ikutiuza zina. Ku England mapepala okongoletsera makoma adali katundu wapamwamba, moti boma lidawaikira msonkho m'chaka cha 1712, ndipo msonkhowo udachotsedwa mu 1836. M'chaka cha 1775 katswiri wina wa ku Sweden, Carl Wilhelm Scheele, adapanga utoto wobiriwira wowala kwambiri umene udali ndi poizoni wotchedwa arsenic. Utotowu udakondedwa zedi, ndipo udalowa m'mapepala a m'zipinda zogona za mabanja olemera. M'zaka za m'ma 1800 madokotala adayamba kuchenjeza kuti anthu akudwala kaamba ka mapepala amenewa. Poizoniyo adaleka kumugwiritsa ntchito kalekale, koma phunziro lake likadalipo: maso okha sakwanira posankha chimene tigone nacho m'chipinda.

Lero zinthu zasintha. Mabanja ambiri a ku Mulanje ali ndi nyumba za njerwa zootcha, zofolera ndi malata. Amene wapita ku Limbe kapena ku Blantyre akhoza kubwerako ndi mipukutu ya mapepala okongola, ena ooneka ngati njerwa, ena ngati matabwa, ena okhala kale ndi zomatira kumsana kwake. Achibale akandifunsa nzeru pa za mapepala amenewa, ndimapeza kuti ndikubwereza malamulo a mayi omwe aja.

Choyamba ndi kulifunsa khoma. Ngati pulasitala ndi watsopano, adikiridwe kuti aumitsitse. Ngati m'munsi mwa khoma mukuoneka madontho akuda, kapena penti akusupuka, ndiye kuti madzi akulowa penapake. Mwina denga likudontha, mwina khonde ndi lalifupi, mwinanso ngalande ya kuseri kwa nyumba idatsekeka. Ndalama iyambe yapita kumeneko. Mapepala ambiri a masiku ano ali ndi pulasitiki pamwamba pake. Ubwino wake ndi woti amapukutika ndi kansalu konyowa, koma kuipa kwake ndi koti salola khoma kupuma. Chinyezi chikatsekeredwa kuseri chimabala chuku, ndipo chuku chimavutitsa ana ndi onse odwala mphumu.

Chachiwiri ndi kuyeza musanagule. Mpukutu wodziwika kwambiri umatalika pafupifupi mamita 10, ndipo m'lifupi mwake ndi masentimita 53. Tiyerekeze chipinda cha mamita 3 mbali zonse, chotalika mamita 2.4 kuchokera pansi. Kuzungulira makoma onse anayi ndi mamita 12, ndipo pamafunika zidutswa 23. Mpukutu umodzi umatulutsa zidutswa zinayi, choncho mipukutu 6 ikwana. Koma ngati pepalalo lili ndi maluwa akuluakulu ofunika kulumikizana bwino, mpukutu ungathe kutulutsa zidutswa zitatu zokha, ndipo pangafunike mipukutu 8. Ndi bwino kugula yonse nthawi imodzi, chifukwa wobwerera kusitolo mwezi wamawa angathe kupeza mtundu uja utatha.

Chachitatu ndi kuganizira okhala m'chipindamo. Nyumba zathu zambiri zili ndi mazenera aang'ono, motero mtundu wowala umathandiza kuti m'nyumba musachite mdima nthawi ya nkhungu. Maluwa akuluakulu amapanikiza chipinda chaching'ono. Kukhitchini, ndiponso paliponse pamene pamayatsidwa kandulo kapena mbaula, pepala lisayandikire, poti moto sulemekeza mtengo wa chinthu. Amene ndalama zamuperewera asadandaule. Khoma limodzi la pabalaza lomatidwa mwaluso, enawo atapakidwa laimu, limakongola kuposa makoma anayi omatidwa mothamanga.

Pali chifukwa china chachikulu kuposa zonsezi. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy adagwetsa nyumba zambirimbiri ku Mulanje, ku Phalombe ndi m'maboma ena a kummwera, ndipo mabanja ochuluka adataya okondedwa awo. Palibe pepala kapena penti amene akadaletsa madzi ndi miyala yochokera m'phiri. Komabe ife okhala m'tsinde mwa phirili tidakumbutsidwa kuti khoma si chokongoletsa chabe, ndi limene limaima pakati pa ana athu ndi mvula. Mng'alu wooneka ndi maso umachenjeza mwini nyumba kuti akonze dzinja lisanafike. Mng'alu wobisika kuseri kwa maluwa a pepala umakula mwakachetechete.

Tsono tisaleke kukongoletsa nyumba zathu. Kufuna kukhala pamalo okongola ndi ulemu umene munthu amadzipatsa yekha, kaya ali ndi mpukutu wa ku Limbe, kaya nyuzipepala yakale, kaya katondo wa kudambo. Chofunika n'choti chaka ndi chaka, dzuwa la Okutobala likafika, tizilimba mtima kusuzumira kuseri kwa chovalacho, tione ngati khoma lili moyo, tisanaliveke china chatsopano.