Ndalama Zimathera ku Mapampu

Anyamata a masiku ano akangogula silinda ya gasi ndi mageji, basi ayamba kudzitcha akatswiri a zoziziritsa nyumba. Ofesi ikatentha, mankhwala awo ndi amodzi: kuthira gasi. Pomwe pakudontha sapafufuza n'komwe, podziwa kuti mwezi wamawa aitanidwanso. Ine ntchito yanga ili m'nyumba zosanja, mahotela ndi maofesi ozizira ndi madzi ochokera ku chiller (makina oziziritsa madzi), ndipo kumeneko ndalama zimathera ku mapampu.

Zotsuka mafyuluta sindinena, ndi mwana yemwe akudziwa. Talowani m'chipinda cha makina muone: mota ikuzungulira ndi mphamvu zake zonse usana ndi usiku, koma valavu anaitseka theka kuti madzi asachuluke. Kuli ngati kuponda mafuta ndi buleki pamodzi. Ine ndimaikapo VSD (chipangizo chosinthira liwiro la mota), kutsegula valavu yonse, n'kutsitsa liwiro la mota. Liwiro likatsika ndi 20 peresenti, magetsi amene pampu imadya amatsika pafupifupi ndi theka.

Povuta ndi pa sensa ya presha. Aulesi oopa kukoka waya amaiika pakamwa pa pampu, ndiye makinawo amasunga presha yokwera tsiku lonse, phindu lambiri n'kutayika. Malo ake ndi kutali, chakumapeto kwa mapaipi, kumene madzi amafika movutikira. Liwironso usalitsitse mopyola: fani yoziziritsa mota ili pa shafiti yomweyo, ikafooka mota imatentha.

Madala amene anandiphunzitsa ntchito ku Blantyre sankadziwa VSD, koma makina ankawamva. Ankagunditsa nsonga ya sikuludiraiva pa beringi, chogwirira kukhutu, n'kunena kuti, "Iyi sifika Khirisimasi." Sinkafikadi. M'mawa uliwonse ndinkalemba ma amp a mota iliyonse m'kope, ndipo dzanja likaipa ankandibweza ndikayezenso. Tiyi ankamwa ataima. Sipanala yamafuta m'bokosi mwawo inali mlandu wa sabata yathunthu, ndipo dzina langa anayamba kulitchula nditatha chaka. Poyamba ndinali "iwe mnyamata" basi.

Eni nyumba ndiye ayi. Ukawapatsa koteshoni amati, "Mwadulitsa, bambo, wina watiuza theka la pamenepa." Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, VSD yochokera ku Johannesburg ndiigula ndi masamba? Ndimangowapempha bilu ya ESCOM n'kuwalozera mzere wa kVA, woonetsa mphamvu imene makina awo amakoka. Ambiri amakhala akuuona koyamba, koma amafunsabe ngati sitingayambe tathira kaye gasi.