Dzina linali la kamng'ono

Zimandikhudza ndikaganiza za panda wofiira, kanyama ka mchira wautali wamizeremizere komwe kamakhala m'mitengo ya kumapiri a Himalaya. Dzina loti panda linali lake. Frédéric Cuvier wa ku France anakafotokoza m'mabuku a sayansi mu 1825, pomwe azungu anali asanamvepo za chinyama chakuda ndi choyera chija, panda wamkulu, chomwe lero chili pa zidole za ana.

Chachikulucho chinadziwika kwa iwo mu 1869, pamene wansembe Armand David anaonetsedwa chikopa chake ku Sichuan, m'dziko la China. Iye anati ndi chimbalangondo. Koma ku Paris, Alphonse Milne-Edwards atayang'ana mano ndi mafupa anati ayi, uyu ndi m'bale wa wofiira uja. Dzina linasamuka choncho.

Sindimudzudzula Milne-Edwards. Nyama ziwirizi zimadya nsungwi, ndipo zonse zili ndi kafupa ka pamkono kotalikirako, kogwira ntchito ngati chala chachikulu. Panda wamkulu amakhala pansi chotambalala, n'kupana tsinde la nsungwi ndi kafupako, kwinaku akusadzula masamba ndi mano. Ndani sakanati ndi apachibale?

Mkangano unatha zaka zoposa 100, mpaka kafukufuku wa majini wa m'ma 1980 anatsimikiza kuti wansembe uja ankanena zoona: ndi chimbalangondo ndithu. Wofiirayo ali ndi banja lakelake, ndipo magazi ake ayandikana kwambiri ndi a kanyimbi, chiuli ndi katumbu wathu kuno kuposa a mnzake wogawana naye dzina. Wofiirayu ali pangozi yotha, nkhalango zake zikudulidwa, koma omulirira ndi ochepa.