Ana a Living in Bondage

Ife amene tinakulira ku Migowi mantha tinkachita kugula. Loweruka dzuwa likangolowa, Sabata itatha, tinkazemba kupita ku vidiyo sho ya kuseri kwa msika, ndalama ya zitumbuwa ili m'manja. Mafilimu ake anali a ku Nigeria, ndipo nkhani inkakhala imodzimodzi: munthu wosauka alowa gulu lachinsinsi, nsalu zofiira, makandulo, apereka m'bale wake nsembe, alemera, kenako womwalirayo ayamba kumuonekera. Pobwerera palibe ankafuna kukhala kumbuyo.

Tadzadziwira kukoleji kuno kuti mafilimu onsewo ali ndi kholo. Ndi Living in Bondage, ya mu 1992, imene Kenneth Nnebue anaitulutsa pa makaseti a VHS m'chilankhulo cha Igbo. Andy Okeke apereka mkazi wake Merit kuti apeze chuma. Mzimu wa Merit umusautsa mpaka achita misala. Inagulidwa kwambiri moti ambiri amati Nollywood inayambira pamenepo, ndipo opanga mafilimu anangotsatira mapazi ake. Kanayo O. Kanayo, amene anaseweramo ngati Chief Omego, mpaka lero anthu amamudziwa ndi mbali za okhwimira chuma.

Za mzimu wa Merit sizinkativuta kwenikweni. Ku Sukulu ya Sabata tinali titaphunzira kale kuti akufa ali m'tulo, ngakhale miyendo yathu usiku inkaiwala phunzirolo. Chimene chinatilowa mwakachetechete n'china: kuti munthu wagalimoto, wosadziwika, wonyamula chikwama, ndiye kuti akufuna magazi a winawake.

Mu September 2017 mphekesera za anamapopa zinabuka ku Mulanje n'kufika kwathu ku Phalombe. Anthu angapo anaphedwa ndi magulu olusa, ndipo mu October bungwe la United Nations linachotsa antchito ake m'maboma awiriwa. Sitikunamizira mafilimu, mphekeserazi zinamvekanso mu 2002, ife tisanabadwe. Koma ana ife sitinafunikire wotifotokozera. Nkhope ya namapopa tinali titaionera kale pa benchi.

Tsiku lina masana kunabwera bambo wina pa njinga yamoto, atamanga bokosi lachitsulo ndi mapaipi kumbuyo. Amene anayamba kukuwa ndife. Akuluakulu anatuluka ndi zibonga, bamboyo anakhotetsa njinga n'kuthawa, chipewa chake chitagwera mumsewu. Madzulo ake a mfumu anatiuza kuti anali atamuitana okha kuti adzakonze mjigo.

Chaka chamawa tikupita kukayeserera kuphunzitsa, ndipo ana a Fomu 1 amene tikawapeze amaonera mafilimu omwewa pa foni, omasuliridwa m'Chichewa. Kuwaletsa sikungathandize, ifenso ankatiletsa. Tikufuna tikaonere nawo kachigawo kamodzi, tiimitse, tiwafunse kuti kamera ili pati, magaziwo anawapanga ndi chiyani, ndipo ndani anapindula pa ndalama yawo ya pakhomo. Kenako tidzawauza za bambo uja. Mjigo wathu unakhala wosakonzedwa mpaka mvula itayamba, ndipo amene tinkapita kumtsinje ndi zigubu m'mawa uliwonse tinali ife tomwe.