Tione zipolopolo kaye, bwana

Mlendo akabwera kudzasaka n'kutsegula bokosi la mfuti kuti ndisirire, ine ndimati, "Bwana, tione zipolopolo kaye." Ambiri nkhope imagwa. Mfuti anaigula ndalama zoposa ng'ombe zonse za mkaka zimene ndimaweta kuno ku Palabana, koma zipolopolo anatola zotchipa, zopangira agwape a kwawo. Ndiye akufuna ndimutengere ku Luano kapena ku Rufunsa, tikaime pamaso pa njati. Chimene chimakafika pa nyama si mfuti ayi.

Za kukula kwa mfuti sinditayapo nthawi. Pa nyama zoopsa timayambira pa .375 H&H, imene Holland & Holland anatulutsa ku London mu 1912, ndipo mpaka lero sinakalambe. Ine poteteza mlendo ndimanyamula .458 yoponya chipolopolo cholemera magireni 500. Mlendo amene ali ndi .375 ya magireni 300 n'kumalasa pamene walozapo ndimamukonda kuposa wa chimfuti chachikulu amene amatsinzina asanakoke.

Nkhani ili pa mutu wa chipolopolo. Pali chofewa, chimene chimatambasuka chikalowa m'thupi, ndi cholimba, chimene chimaboola osasintha maonekedwe. Njovu ndi cholimba basi, palibe zokambirana. Chigaza chake ndi fupa la timabowotimabowo ngati zisa za njuchi, ubongo uli kutali m'kati, ndipo chipolopolo chikangopindika kapena kukhota pang'ono mwaiphonya, mwaiputa. Mkango ndi kambuku n'zosiyana: chikopa chopyapyala, ndiye cholimba chimangodutsa, chilombo n'kulowa m'tsekera chili ndi mphamvu zake zonse. Pamenepo pafunika chofewa chotseguka msanga.

Njati ndiyo imasokoneza anthu. Chikopa chake n'chochindikala, kawirikawiri chomata matope ouma, phewa lake ndi fupa lolemera, nthiti zotakata zoyandikana, ndipo chifu chodzaza udzu wonyowa chimaimitsa chipolopolo kuposa mmene mungaganizire. Chofewa wamba chikamenya phewa, chikuto chake cha mkuwa chimasenda, mtovu n'kumwazika. Panja bala lalikulu loopsa, koma m'mapapo simunalowe kanthu. Choncho choyamba kuombera chikhale chofewa chimene chimatseguka koma osasweka. Nosler Partition, imene John Nosler anayamba kupanga mu 1948, ili ndi khoma pakati: kutsogolo kumatambasuka, kumbuyo kumapitiriza ulendo. Swift A-Frame inatenga nzeru yomweyo n'kumatiriza mtovu ku mkuwa kuti zisalekane, ndipo imeneyi ndiyo ya pamtima panga. Barnes TSX ndi mkuwa wokhawokha, imalowa mozama kwambiri, mwina mopitirira. Pagulu la njati ndimaiopa, chifukwa ikatulukira mbali inayo imakalasa yaikazi imene yaima kumbuyo, ndipo wa DNPW, nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire, amene timayenda naye amalemba nyama yovulazidwa ngati yophedwa. Pansi pa chofewacho, m'magazini, ndimaika zolimba. Njati ikathawa mumaiona kumatako, ikabwerera mumaona nyanga, ndipo konseko pafunika choboola.

Zimenezi sindinaziwerenge m'buku. Anandiphunzitsa ndi mdala wina amene anagwira ntchito yothamangitsa njovu m'minda ku Luangwa nthawi ya Game Department, bungwe la nyama zakutchire la ZAWA lisanabwere. Anali munthu wosalankhula zambiri, wosuta fodya wopichira yekha, ndipo mfuti yake ya .404 inali itayera m'mbali chifukwa cha thukuta la m'manja. Nyama ikagwa, anzanga akuthamangira chiwindi, ine ankandipatsa mpeni. "Iwe mwana, kafune chipolopolo." Ndinkapisa mkono mpaka m'phewa m'chifu cha njati, ntchentche zili ng'waa, dzuwa la Okutobala likuwotcha pamsana, mpaka ndichipeze. Ndikachipeza ankachitsuka, n'kuchiika m'dzanja langa, n'kundifunsa kuti chalowera pati, chaswa chiyani, chaima pati, chatsala cholemera bwanji. Ndikayankha mwachidule ankangoti, "Bwerera." Anali ndi chitini cha mkaka wa ufa chodzaza zipolopolo zotere, china chilichonse akuchidziwa nyama yake ndi dambo lake. Usiku pamoto ankazikhuthulira pa thumba la ufa n'kumazisanja, zabwino uku, zonama uku. Atamwalira ana ake anandipatsa chitinicho, mfuti inabwezedwa kupolisi. Ndinawonjezamo zanga, ndipo mlendo wokonda kutsutsa ndimangomukhuthulira patebulo.

Tisananyamuke pa kampu, chipolopolo chilichonse chimene tikayende nacho chidutse m'mfuti, kuchokera m'magazini mpaka kutuluka. Zina za mutu wophwatalala zimakodwa polowa, ndipo zimenezi muzidziwire pa kampu. Kenako tiombere chofewa ndi cholimba pa pepala limodzi, mamita 50, tione ngati zikugwera pamodzi. Zimene zakhalitsa pansi m'magazini ndimazichotsa, chifukwa mfuti ikamagunda mitu yake imaphwanyika kapena kulowa m'kati. Apa alendo amadandaula kuti tikuwononga zipolopolo zodula. Zoona n'zodula, ku Lusaka nthawi zina mumazungulira masitolo osazipeza, ndipo zikapezeka mtengo wake umatsata dola. Koma munthu walipira ndege, laisensi ndi kampu, n'kumawerengera zipolopolo zitatu!

Amene amandinyansa kwenikweni ndi anzathu ena a ntchito yomweyi amene amatsitsa mtengo kuti alande alendo. Salola mlendo kuyesa mfuti, safunsa za m'bokosi, bola galimoto inyamuke. Njati yawo yovulala imatsala m'bango m'mbali mwa mtsinje wa Lunsemfwa, iwo ali ku Lusaka kulandira ndalama, ndipo amene amakumana nayo ndi mayi wopita kukatunga madzi.