Makina a matepi a mawilo sagulidwa ndi maso okha

Anzanga a pamsika, inu mukudziwa kuti katundu wa kaunjika amafuna kumutembenuza. Jekete mumaliona kunsi kwa mkhwapa, nsapato mumaipinda kuti muone ngati soli yake ili moyo. Lero ndati tikambirane za katundu wina amene wayambanso kusakidwa m'maiko ambiri, makina akale ojambulira mawu aja a mawilo awiri oonekera, amene azungu amati reel-to-reel.

Makinawa si achibwana ayi. Kampani ya AEG inawaonetsa ku Berlin mu 1935, pomwe kaseti imene tinaizolowera ija inabwera ndi a Philips mu 1963. Hugh Tracey atayendera dziko lino mu 1958 anajambula nyimbo za makolo athu pa matepi otere, ndipo wailesi ya MBC, yomwe inayamba mu 1964, inasungiraponso nyimbo za oimba athu kwa zaka zambiri.

Ine chinandikokera ku makinawa ndi matepi 6 amene malemu malume anga anasiya m'sutikesi. Pabokosi la tepi ina analembapo kuti "agogo". Agogowo ine ndinabadwa atatisiya kale, ndipo mawu awo sanali pena paliponse kupatula pa tepi imeneyo. Makina oipa akanangoitafuna, basi, agogo akanatisiya kachiwiri. N'chifukwa chake ndinafufuza kwa miyezi, ndikufunsa amisiri okonza mawailesi, ndisanatulutse ndalama.

Choyamba ndi magetsi. Kuno timagwiritsa ntchito mavoti 230, koma makina ochokera ku America amafuna 120 ndipo a ku Japan 100. Mukangolumikiza osawerenga kachitsulo kolembedwa kumbuyo, mumva fungo la zopsa. Thiransifoma imathandiza, komabe werenganinso pomwe alemba 50 Hz kapena 60 Hz. Athu ndi 50, ndipo makina ena opangidwira 60 amayenda mozengereza kuno, woimba n'kumamveka ngati wangodzuka kumene.

Chachiwiri ndi mahedi, tizitsulo tija timene tepi imakhulapo podutsa. Apa m'pamene pagona mtengo weniweni wa makina. Tengani tochi, yang'anitsitsani. Ngati tepi inakumbapo ngalande yoti chikhadabo n'kukodwa, asiyeni, ngakhale thabwa lake likunyezimira chotani. Paja chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Onaninso kagudumu ka labala kamene kamapana tepi. Kakauma gwa kapena kakayamba kumata ngati phula, mawu amanjenjemera. Malamba a m'kati nawo amasungunuka ndi ukalamba. Zinthu za labala mutha kusintha mosavuta, koma mahedi ndi odula zedi.

Chachitatu, dziwani matepi anu. Makina ena amalemba mizere iwiri ya mawu pa tepi, ena inayi. Tepi ya mizere inayi mukaiika pa makina a mizere iwiri mumamva mbali zonse ziwiri nthawi imodzi, ina ikuyankhula chobwerera m'mbuyo ngati zamatsenga. Liwiro nalo ndi losiyana. Makina ambiri a m'nyumba amayenda masentimita 9.5 kapena 19 pa sekondi, pomwe kaseti imakwawa pa 4.76. Liwiro likakula mawu amamveka bwino, koma tepi imatha msanga.

Ine ndinasankha Akai 4000DS, makina a mizere inayi, a mota imodzi, osavuta kwa woyamba kumene. Revox A77, imene inatuluka mu 1967, ndi yolimba kwambiri koma mtengo wake ngwa anthu a matumba akuya. Wogulitsa anati, "Achimwene, awa ngabwinobwino, kungopukuta basi." Ndinamuyankha kuti, "Akulu, tiyeni tiwayese kaye, ndalama ili pompano." Tinaimba tepi yopanda ntchito kwa theka la ola, tinaithamangitsa kutsogolo ndi m'mbuyo, ndipo mabuleki anagwira bwino osaitaya pansi. Tepi ya agogo ndinaiika patapita sabata, mmisiri atasintha lamba ndi kuthira mafuta. Mawu anatuluka, nkhalamba ikuseka uku ikufotokoza za njala ya 1949. Mayi anga anakhala chete mpaka tepi kutha.

Kusamala kwake sikufuna sukulu yayitali. Pukutani mahedi ndi kathonje konyowetsa ndi sipiliti woyera wa isopropyl, mukatha maola angapo oimba. Musakandepo ndi mpeni kapena sikuludiraiva. Vundikirani makina chifukwa fumbi ndi mphemvu ndiwo adani ake. Matepi muziwaimika chilili m'mabokosi awo, pamalo ouma, kutali ndi dzuwa ndi masipika, poti maginito amafufuta mawu. Matepi ena a m'ma 1970 ndi 1980, monga Ampex 456, amamwa chinyezi n'kuyamba kumata. Mukamva kulira kwa tswii, kapena mukaona zakuda zikutsalira pa hedi, imitsani pomwepo. Akatswiri amaiumitsa tepi yotere pa kutentha kochepa koyezedwa bwino, choncho musayesere pa mbaula. Chenjeraninso ndi batani lojambulira. Kaseti inali ndi kachibowo koteteza, koma tepi ya mawilo ilibe. Chala chikangoterereka, zaka makumi asanu zafufutika. Ndipo tepi yofunika ikangoimba bwino koyamba, jambulani mawuwo pa kompyuta kapena pa foni tsiku lomwelo.

Matepi atsopano akupangidwabe ku France ndi ku America, ndiye makinawa ntchito akadali nayo. Pempho langa kwa inu ogula ndi kugulitsa zakale ndi ili: munthu akakubweretserani makina otere pamodzi ndi katoni ya matepi, musataye matepiwo kudzala kapena kupatsa ana kuti azimangira mpira. Mufunseni kaye mwini wake ngati akudziwa amene akuyankhula m'menemo. Makina mutha kupeza ena mawa ku Limbe kapena ku Ndirande, koma tepi ya ukwati wa mayi wake ndi imodzi yomweyo.